Kobiri la 1933 la M'chitini cha Amayi

Inu amene mumawerenga kalata ino mwezi ndi mwezi pa makonde a nyumba zanu, ndifuna kukusimbirani nkhani imene idagwa pa mbumba yathu m'chaka cha 2024, nyengo ya masika, chimanga chitangolowa m'nkhokwe. Nkhaniyo ndi ya kobiri limodzi lakale, limene ana a masiku ano amati khobidi. Ndipo ngakhale kobiri lili kanthu kakang'ono, lidatidyera mbuzi, lidatsalanso pang'ono kudanitsa anthu obadwa m'mimba imodzi.

Tsiku lina m'mawa, mame asanaume, adafika pa njinga mdzukulu wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 19, nagwada pakhomo nati, "Agogo, akuti mubwere lero lomwe, kwathu kwagwa mwayi." Ine ndidayamba ndamfunsa ngati onse adzuka bwino, pakuti mthenga wa m'mamawa sakonda kusenza zabwino. Koma iye adaseka, natulutsa foni m'thumba, nandionetsa mawu a Chingerezi onena kuti kobiri la Mfumu George V la chaka cha 1933 limagulidwa ku England ndi mapaundi zikwi makumimakumi. Tsono kobiri la chaka chomwecho, la mfumu yomweyo, adalipeza m'chitini cha malemu amayi athu, chimene mlongo wanga adachisunga pansi pa bokosi la zovala kuyambira tsiku la maliro. Adapezanso munthu wina wa m'tauni, wodziwana naye pa foni pokha, amene adalonjeza kulitumiza kunja, koma adafuna ayambe walandira ndalama za mapepala. Mlongo wanga, amene ali wamasiye, adali atagulitsa kale mbuzi yake yaikazi. Theka la ndalamazo lidali litapita, ndipo theka linalo lidayenera kupita Lachisanu pamodzi ndi kobirilo. Mng'ono wathu wotsiriza naye adali atamva, nayamba kunena kuti chitinicho n'cha ana onse, osati cha mmodzi.

Adandiitana chifukwa ndine mwini mbumba, komanso chifukwa adziwa kuti pa ubwana wanga ndidaphunzirako za makobiri. Ndiyambe ndafotokoza za maphunziro amenewo, pakuti popanda iwo zimene ndidakachita kwa mlongo wanga sizingamveke. Ndipo kapena wina wa inu ali nacho chitini chotere m'nyumba mwake.

M'zaka za 1959 ndi 1960, ndili mnyamata wotumikira Misa pa mishoni ya kwathu, padali Bulazala wina wachizungu, munthu wokalamba ndi wofatsa, amene ntchito yake ina idali kuwerenga zopereka za Lamulungu. Itatha Misa yachiwiri tinkakhuthula nsengwa pa tebulo, ife anyamata awiri ndi iye, ndi kuunjika makobiri 12 pa mulu uliwonse, pakuti 12 ndiwo ankakwana sheleni, ndipo 240 ankakwana paundi. Tiki ndi sikisipensi zinkaoneka mwa apo ndi apo; zopereka za anthu a kumudzi zidali makobiri. Ambiri adali a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, obowola pakati, okhala ndi njovu ziwiri zoimirira uku ndi uku kwa bowo, amene adasulidwa kuyambira 1955 kufikira 1963. Theka la kobiri lidali ndi nyamalikiti m'malo mwa njovu. Padali ena a Southern Rhodesia, obowolanso, ena oyera ngati sheleni, amene adayamba m'chaka cha 1934, ena ofiirira amene adawalowa m'malo pa nthawi ya nkhondo m'chaka cha 1942. Nthawi zina mayi wina wokalamba ankamasula pa mfundo ya nsalu kobiri lalikulu la ku Britain losabowola, kapena la ku South Africa la chombo cha matanga, limene adabwera nalo mwamuna wake pochokera ku migodi. Amenewa Bulazala ankawapatula, naikapo ake m'malo mwake kuti chuma cha Eklezia chisaperewere, kenaka n'kutulutsa galasi lake lokuzira zinthu. Ife tinkafuna kuthamangira nsima, koma iye adali ataphunzira mwambi wathu, ndipo ankaunena ndi lilime lake lolemera: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba adatiphunzitsa m'mene kobiri limabadwira, pakuti adati munthu wosadziwa kasulidwe kake sangazindikire pamene osula adaphonya. Kobiri la ku Britain, kuyambira m'chaka cha 1860, silidali la mkuwa wokhawokha ai. Pa magawo 100, magawo 95 adali mkuwa, 4 tini, ndi limodzi zinki. Zitsulozi amazisungunula pamodzi, naziphwatalitsa zikhale ngati lamba wautali, ndipo m'lambamo makina amadula tizimbale tozungulira topanda chithunzi. Kachimbale kalikonse amayamba akakweza mkombero, kenaka kamagwera pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba, china pamwamba china pansi, katazingidwa ndi mphete yoletsa mkuwa kufalikira m'mbali. Zidindozo zikamenya, mkuwa umalowa m'maenje onse a chidindo, monga dothi lonyowa lilowa m'chikombole cha njerwa. Pamenepa gwirani mawu awa, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa iwo: chimene chili chokumbika pa chidindo chimatuluka chotukuka pa kobiri, ndipo chidindo chimodzi chimabala makobiri zikwi zambiri ofanana nacho.

Chifukwa cha ichi kobiri likaoneka losiyana ndi anzake, kusiyanako kungachokere ku malo atatu. Mwina osula adasintha chidindo, mwadala kapena mosadziwa, ndipo makobiri onse a chidindo chimenecho adatengera chizindikirocho monga ana atengera mphuno ya atate awo; umenewu ndiwo mtundu. Mwina chidindo chidali chabwino, koma makina adaphonya pa kobiri limodzi lokha; chimenechi ndicho cholakwa cha posula. Mwinanso kobiri lidatuluka langwiro, koma lidavulala m'manja mwa anthu, pansi pa mwala kapena pa moto. Ndipo limeneli ndi bala chabe, losawonjezera mtengo ngakhale pang'ono. Ndinena mosabisa kuti pa makobiri achilendo amene anthu akhala akundionetsa moyo wanga wonse, pafupifupi onse adali a bala.

Za mitundu ndizo zidandikoma kwambiri, pakuti munthu amaifuna monga mlenje afuna mapazi a nyama. Tembenuzani kobiri la ku Britain, mudzaona mkazi wokhala pansi, wovala chisoti cha nkhondo, atagwira mkondo wa nsonga zitatu, chishango chili pambali pake. Dzina lake ndi Britannia, ndipo chaka chalembedwa kunsi kwa mapazi ake. Tsono yang'anitsitsani kumanzere kwa chakacho. Pa makobiri ena a 1912, 1918 ndi 1919 pali kachilembo kakang'ono H, konena kuti kobirilo silidasulidwe ku nyumba yosulira ndalama ya mfumu ku London, koma kwa a Heaton mu mzinda wa Birmingham, amene ankapatsidwa ntchito ikawachulukira a ku London. Pa ena a 1918 ndi 1919 pali zilembo ziwiri KN, za kampani ya ku King's Norton. Amenewa ndiwo osowa kuposa a H, ndipo kawirikawiri mkuwa wake umaoneka wofiira kuposa wa anzake. Pa makobiri a Mfumukazi Victoria a 1874, 1875, 1876, 1881 ndi 1882, H ameneyu amakhala kunsi kwa chaka. Kumbuyo kwa Britannia kuli nyanja, ndipo pa makobiri ena a 1902 madzi a nyanjayo ali otsika kuposa pa anzake a chaka chomwecho. Otsikawo ndiwo amafunidwa. Pa ena a 1865, pansi pa nambala 5 pamaoneka mthunzi wa 3, chifukwa osula, posafuna kutaya chidindo cha 1863 chimene chidali chikadali cholimba, adangokhomerapo nambala yatsopano pamwamba pa yakale. Ndimawamvetsa anthu amenewo. Nafenso sititaya khasu chifukwa mpini wathyoka.

Kudziwa zaka nakonso n'chida. M'zaka za 1923, 1924 ndi 1925 ku Britain sadasule makobiri, ndiponso m'zaka za 1941, 1942 ndi 1943. Wokuonetsani kobiri la Britannia la chaka chotere mumuyang'ane kawiri. M'chaka cha 1950 adasula 240,000 okha, m'chaka cha 1951 adasula 120,000 okha, ndipo amenewa ngoyenera kuwapatula. Chaka chikafufutika, nkhope idzakuthandizani: Victoria ayang'ana kumanzere, Edward VII kumanja, George V ndi George VI onse awiri kumanzere, Elizabeth II kumanja.

Mawu ozungulira nkhope ndi a Chilatini, ndipo popeza masiku amenewo tinkayankha Misa m'Chilatini, Bulazala ankatiwerengetsa ngati mayeso. DEI GRA kapena D G ndiye kuti mwa chaulere cha Mulungu. IND IMP ndiye kuti mfumu yaikulu ya India. Dziko la India litalandira ufulu m'chaka cha 1947, mawuwa adachoka pa makobiri kuyambira 1949. Koma akafika pa FID DEF, kapena F D, nkhalambayo inkavula mandala n'kumwetulira. Tanthauzo lake ndi mtetezi wa chikhulupiriro, ndipo amene adapereka dzinali ndi Papa Leo X, m'chaka cha 1521, kwa Mfumu Henry VIII, chifukwa idalemba buku loteteza masakramenti asanu ndi awiri potsutsa Martin Luther. Patapita zaka zowerengeka mfumu yomweyo idapatukana ndi Roma, koma dzinalo mafumu a ku England adalisunga, nalilemba pa ndalama zawo. Kotero mayi wosauka wa kwathu, poponya kobiri m'nsengwa, ankabweza ku Eklezia mphatso ya Papa osadziwa. Adatisimbiranso kuti m'chaka cha 1849 adasula ndalama ya masheleni awiri yopanda mawu onena za chaulere cha Mulungu, ndipo anthu adaipidwa nayo, naitcha ndalama yopanda Mulungu.

Zolakwa za posula n'zina, ndipo zimasowa, chifukwa ku nyumba yosulira kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuzigwira zisanatuluke. Kachimbale kakapanda kukhala bwino pakati pa zidindo, chithunzi chimapendekera mbali imodzi, ndipo mbali inayo imatsala yosalala ngati mwezi wongooneka kumene. Makina odula akadula pa malo odulidwa kale, monga mayi wodula masikono ndi kapu aphonya nadula pomwe adachotsapo lina, kobiri limatuluka lolumika m'mphepete. Chidindo chikakalamba chimang'aluka, mkuwa umalowa mu mng'aluwo, ndipo pa kobiri pamatuluka kamzere kotukuka ngati mtsempha wa pa dzanja la nkhalamba. Mafuta a makina ndi fumbi zikatseka dzenje la chilembo, chilembocho chimafooka kapena kusoweka. Chodabwitsa koposa ndi ichi: kobiri losulidwa kale likakanirira ku chidindo, limasanduka chidindo lokha, nilimenya kachimbale kotsatira, kotero kuti kameneko kamatuluka ndi chithunzi chimodzi mbali zonse ziwiri, kwina chotukuka bwino, kwina cholowa m'kati ndi chotembenuka ngati pa kalilole. Pa makobiri athu obowola, bowo nalo nthawi zina limaphonya pakati. Yesaninso ichi: gwirani kobiri la George V, nkhope ili chilili, mulitembenuze monga mutembenuza tsamba la buku, Britannia ayenera kukhala chilili nayenso. Akapendekeka, ndiye kuti chidindo chimodzi chidazungulira pa malo pake.

Palinso china chimene oyamba kumene amachiyesa chuma, koma sichili kanthu. Pa makobiri ambiri a George V, makamaka a zaka zoyamba za ufumu wake, mthunzi wa mutu wa mfumu umaonekera kuseri, mozungulira Britannia. Chifukwa chake n'chakuti mutuwo udali waukulu ndi wozama, ndipo pomenya unkakoka mkuwa wambiri kuchokera kuseri. Osula adavutika nacho zaka zambiri, nakonza mutuwo m'chaka cha 1926, nauchepetsa m'chaka cha 1928. Mthunzi umenewu uli pa makobiri osawerengeka, ndipo palibe amene angakulipireni chifukwa cha iwo.

Nanga bala mudzalisiyanitsa bwanji ndi cholakwa? Kumbukirani chikombole cha njerwa. Mng'alu wa chidindo umatukuka, koma kukanda kwa mpeni kumalowa pansi ngati mzere wa khasu, ndipo mkuwa wokankhidwawo umaunjikana m'mbali mwake. Kobiri lolumika posula limakhala ndi mkombero wofooka ku mbali yoyang'anana ndi polumikapo, ndipo zilembo zoyandikira zimazilala pang'onopang'ono. Lodulidwa ndi tupa limathera mwadzidzidzi, pakamwa pake pali powala ndi pakuthwa. Bowo la makina ndi losalala ndi lozungulira bwino, koma la msomali limatupa mbali imodzi. Chilembo chosoweka pa kobiri loperepeseka paliponse sichinena kanthu, pakuti zala za anthu zimadya mkuwa. Amene ali ndi sikelo yaing'ono ayese: kobiri la Britannia limalemera magalamu 9.4, ndipo atatu amakwana aunsi imodzi.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Pamene Bulazala adali pafupi kubwerera kwawo, m'chaka cha 1961, adandipatsa kobiri la 1919 la zilembo KN, lodera bwino ngati chikopa cha ng'ombe, nandiuza kuti ndilisunge. Ine pofuna kumkondweretsa ndidapita nalo kuseri kwa khitchini, ndidatenga phulusa ndi ndimu, ndi kulikwecha monga amayi ankakwechera mbale, mpaka lidawala ngati dzuwa. M'mawa ndidamuonetsa mokondwa. Sadandikalipire, koma adaliyang'ana nthawi yaitali pa galasi, nati, "Mwana wanga, mtundu umene udatenga zaka 42 kuti ukhwime, iwe wauchotsa madzulo amodzi." Adandipatsa galasilo kuti ndidzionere ndekha: nkhope ya mfumu idali yodzala ndi timizere ngati munda wopalidwa ndi nkhuku, ndipo K adali atatsala pang'ono kufufutika. Osunga makobiri amakonda kudera kwa ukalamba, ndipo lotsukidwa amalichepetsa mtengo kwambiri. Musalikweche, musalisambitse ndi mankhwala. Muligwire m'mphepete, mulikulunge m'pepala louma lokhalokha, ndipo limene layamba dzimbiri lobiriwira mulipatule kwa anzake. Kobiri lija ndikali nalo, ndipo galasi nalo adandisiyira.

Galasi lomwelo ndilo ndidaika m'thumba pokwera pa kaliyala ya njinga ya mdzukulu wanga. Tidafika dzuwa lili paliwombo, tidapeza anthu atakhala kale pa mphasa, mng'ono wanga ali pa mpando chapatali, nkhope ili gwaa. Titapatsana moni ndidapempha kuti tiyambe tapemphera, kenaka mlongo wanga adatulutsa chitinicho. Chidali chitini cha tiyi, chadzimbiri pa chivundikiro, ndipo nditachitsekula fungo lake lidandikumbutsa amayi mwakuti ndidayamba ndakhala chete. Mudali makobiri 37, korona yoduka, ndi kamedulo ka Amayi Maria. Ndidayala nsalu yoyera, ndidawasanja monga ankachitira Bulazala, dziko ndi dziko, mfumu ndi mfumu, chaka ndi chaka. Mnyamata adatekeseka, nafuna kundipatsa la 1933 msanga, koma ndidamuuza adikire. Kunena zoona, ndidali nditaliona kale, ndipo ndinkachedwa dala, pofunafuna mawu.

Nkhani ya kobiri la 1933 la ku Britain ndi yoona, foni sidaname. Chaka chimenecho mabanki a kumeneko adali ndi makobiri ochuluka kotero kuti sikudafunike kusula ena. Koma padali mwambo wokwirira ndalama za chaka chomwecho pansi pa mwala wa maziko a nyumba zazikulu, ndipo chifukwa cha mwambowo, ndi chifukwa cha nyumba zosungiramo zakale, adasula owerengeka, amene odziwa amati ndi 6 kapena 7 okha. Limodzi adalikwirira pansi pa nyumba ya University of London. Lina lidali pansi pa tchalitchi cha Anglican cha St Cross ku Middleton, mu mzinda wa Leeds, ndipo m'chaka cha 1970 mbala zidakumba maziko a nyumba ya Mulunguyo n'kuliba. Pakumva izi, akuluakulu a mpingowo adafukula linzake pa tchalitchi china cha mumzinda momwemo, naligulitsa lisanabedwe. Chifukwa cha mbiri imeneyi anthu achinyengo akhala akusema nambala yotsiriza ya makobiri a zaka zina kuti ioneke ngati 3. Koma chaka chomwecho cha 1933 maiko ena a pansi pa mfumu yomweyo adasula makobiri awo monga mwa nthawi zonse, ndipo limodzi mwa maikowo ndi South Africa.

Ndidaitana mnyamata kuti akhale pafupi nane, ndidampatsa galasi, ndipo ndidati, "Tayang'ana chithunzi cha pa foni yako. Mfumu yavala chiyani kumutu?"

"Sidavale kanthu, agogo."

"Nanga pa lathuli?"

Adayang'ana, nati, "Yavala chisoti chachifumu."

"Tembenuza. Pa foni pali mkazi wa mkondo. Pa lathuli pali chiyani?"

Adakhala chete nthawi, kenaka adati chapansipansi, "Chombo." Ndidamuwerengetsa mawu ozungulira chombocho, SOUTH AFRICA ndi SUID-AFRIKA, ndipo ndidamuonetsa linzake la 1929 la m'chitini momwemo, lolembedwa ZUID, pakuti kalembedweko adakasintha m'chaka cha 1931. Chombocho dzina lake ndi Dromedaris. Atate athu adagwira ntchito ku migodi ya Johannesburg, kumene makolo ankati ku Joni, ndipo makobiri a chombowo adabwera m'thumba la jekete yawo.

Mlongo wanga adafunsa, "Achimwene, tanenani zomveka. Ndiye kuti n'labodza?"

Ndidati, "Ai, achemwali, si labodza. Ndi kobiri lenileni la 1933, koma la dziko lina. Otere alipo ambiri, ndipo loperepeseka ngati ili silingagule ngakhale mwendo wa mbuzi yanu ija."

Sadalire. Adangokonza mpango wake kumutu, nayang'ana ku khola. Ine mtima udandipweteka koposa m'mene ukadapwetekera akadalira, pakuti mbuzi imeneyo ndiyo inkamlipirira mdzukulu wamng'ono zofunika za kusukulu. Mnyamata adayesa kulimbalimba, nandionetsa zithunzi zina za makobiri a mtengo wapatali, la 1943 ndi la 1955. Ndidamuuza kuti amenewo ndi a ku America, a nkhope ya Abraham Lincoln: m'chaka cha 1943 adawasula ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki chifukwa mkuwa unkafunika ku nkhondo, ndipo owerengeka adasulidwa ndi mkuwa molakwa, pa ena a 1955 chidindo chidali ndi zilembo zobwereza kawiri. Azungu amatchula makobiri a maiko onsewa ndi dzina limodzi, ndipo wowerenga mothamanga amayesa kuti nkhani ya dziko limodzi ndi ya onse.

Pamenepo ndidamuuza aimbire munthu wa m'tauni uja, onse tikumva. Ndidamfunsa mwaulemu kuti kuseri kwa kobiri limene afuna kugula kuli chithunzi chanji. Adayankha kuti zimenezo zilibe kanthu, chachikulu n'chakuti ndalama zotsalazo zifike Lachisanu. Ndidamfunsanso kuti, ngati kobirilo lili la mtengo wotere, bwanji osachotsa ndalama za mapepala pa mtengowo atagulitsa. Foni idaduka, ndipo sadayankhenso tsiku limenelo kapena masiku otsatira. Wogula weniweni amayamba waona chinthu, nafunsa kulemera kwake ndi maonekedwe a mbali zonse ziwiri, ndipo ndalama zimachoka kwa iye kubwera kwa inu. Ameneyu sadafunse ngakhale chimodzi.

Mng'ono wanga, amene adabwera kudzamenyera gawo lake, adasendeza mpando nayamba kuyang'ana nawo pa nsalu paja. Tidapitiriza kusanja, popeza tidali titayamba kale. Pa makobiri 37 aja, 21 adali a njovu, 6 a Southern Rhodesia, 5 a chombo, ndi 5 a Britannia. Mwa a Britannia mudapezeka limodzi la 1912 lokhala ndi H, ndipo amene adamuona H ameneyo ndi mnyamata yemwe uja, ine maso atandikanika. Adafuula ngati wapha gwape. Ndidamuuza kuti nalonso mtengo wake ngwochepa, koma ndi mtundu weniweni, ndipo waupeza ndi maso ake. Pa limodzi la njovu, la 1957, padali kamzere kotukuka kochokera ku mkombero kulowera ku chilembo, mng'alu wa chidindo wosakayikitsa. Lotsiriza lidali la Edward VII, losalala ngati mwala wa kumtsinje, lobowoledwa ndi msomali pamwamba pa mutu wa mfumu. Mwa malamulo onse a Bulazala limeneli lidali lopanda pake. Koma mng'ono wanga adalitola, nalitembenuza, nati, "Achimwene, si paja amayi ankamangirira kiyi wa bokosi pa limeneli kuti asatayike?" Tonse tidakumbukira kachingwe kakuda kamene kankalendewera m'chiuno mwawo. Adapempha kuti atenge limenelo lokha, ndipo za kugawana chitini sadazitchulenso.

Theka la ndalama limene lidatsala silikadagula mbuzi ina. Loweruka lotsatira ndidamasula kamsoti kamodzi m'khola langa, ndipo mnyamata adabwera kudzakakoka. Amayi a kunyumba kwanga adangoti mwini mbumba ndiye amalipira, nandipatsa chingwe. Ndidamgulira mnyamatayo kope la masamba 40, ndipo adajambula mizere: dziko, mfumu, chaka, chizindikiro, ndi kumene kobiri lidachokera. Kobiri lililonse tidalikulunga m'kapepala kakekake. Pa kapepala ka la 1933 mlongo wanga adanena mawu oti alembedwe, ndipo mdzukulu adalemba: adabwera nalo atate kuchokera ku Joni.

Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho, titatuluka m'tchalitchi, mnyamata uja adandikokera pansi pa mtengo wa mango, natulutsa kobiri la njovu la 1961 limene adabwereka kwa mnansi wawo. Lidali ndi mzere wautali wodutsa pa chitamba cha njovu ya kumanja, ndipo mwini wake adali atayamba kale kuwerengera malata. Ndidatulutsa galasi, koma iye adati ndisavutike, adayesa kale ndi chikhadabo. Mzerewo udalowa pansi. Chimene ankafuna kwa ine ndi chakuti ndimperekeze kukamuuza mwini wake.